Anamzeze a purple martin: mtengo utalikire bwanji, ndipo m'chisa muikemo chiyani?

Mayi wina wa kwathu amene akukhala ku Indiana, m'dziko la America, watumiza imelo iyi, ndipo ndaifupikitsa: "Tagula nyumba, ndipo kuseri tapeza kanyumba ka mbalame ka zipinda 12 kali pamwamba pa mlongoti wachitsulo. Anzathu oyandikana nawo akuti n'ka purple martin, koma chaka chatha munangodzaza mpheta. Chapafupi, mwina mamita 6, pali mtengo waukulu wa maple. Ndamva kuti mbalamezi zimafuna masamba aawisi pomanga chisa, ndiye ndikufuna kudzala mtengo wa maapozi pambali pa mlongotiwo. Nanga m'zipindamo ndiikemo chiyani? Ndili ndi udzu wotchetcha pakapinga, thonje ndi tinsanza."

Zikomo mayi. Ndiyambe ndi mtengowo, chifukwa nkhani yagona pamenepo. Maapoziwo musadzale pambali pa mlongoti, ndipo maple amene alipo kaleyo ndi amene akukuthamangitsirani mbalame. Zoika m'chisa n'zosavuta, tifikako, koma ngakhale mutayala bwino chotani, pamalo opanikizika ndi mitengo sizidzatera.

Purple martin ndi namzeze wamkulu kuposa anamzeze onse a ku North America. Nyengo yozizira mbalamezi zimakakhala ku South America, makamaka ku Brazil, ndipo kwanu ku Indiana zoyamba zimafika chakumapeto kwa Malichi kapena mu Epulo. Kum'mawa kwa mapiri a Rocky pafupifupi zonse zimaswera m'nyumba zoikidwa ndi anthu, mwambo umene unayamba kalekale pamene eni nthaka monga a Choctaw ndi a Chickasaw ankazipachikira zipanda. Zimadya zikuuluka, zimamwa madzi zikuuluka, ndipo pobwera kuchisa zimatsetsereka mumlengalenga kuchokera patali. Zimafuna njira yoyera yolowera ndi yotulukira, komanso kuona mdani akadali kutali.

Mtengo wautali wapafupi umawononga zonsezi. Kabawi wotchedwa Cooper's hawk amabisala m'masamba n'kuvumbuluka mbalame isanakwere m'mwamba, kumene ikanamusiya pa liwiro. Usiku akadzidzi, makamaka great horned owl ndi barred owl, amatera panthambi n'kumamvetsera phokoso la anapiye, kenako amakakamira pakhomo la chipinda n'kusolola zili m'katimo. Gologolo amadumpha kuchokera panthambi. Mbalamezi zimadziwa zimenezi mwachibadwa, choncho zimazungulira kawiri katatu n'kupitirira. Mpheta zokha ndi zimene zimasangalala ndi malo otero.

Bungwe la Purple Martin Conservation Association, lomwe lili ku Erie, Pennsylvania, limalangiza kuti pasakhale mtengo wotalika kuposa kanyumbako pa mtunda wa mamita 12 kuzungulira, ndipo mamita 18 ndiye abwino koposa. Muyezo wa kumeneko amati mapazi 40 mpaka 60. Poyeza, yambirani pa nsonga ya nthambi yomwe yatambalala kwambiri, osati pathunthu. Ambiri amalakwitsa pamenepa, ndipo amaiwalanso kuti mtengo umakula. Malo amene anali oyera mwini nyumba wakale akuzika mlongotiwo akhoza kukhala atatsekeka lero, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zodziwika zimene gulu lokhazikika limasiyira malo ake. Kumwera, monga ku Texas kapena ku Florida, mbalamezi zimalolera mitengo yoyandikirako, koma inu a kumpoto musadalire zimenezo.

Chodabwitsa n'chakuti nyumba ya anthu siziiopa. Zimakonda kukhala pakati pa mamita 9 ndi 36 kuchokera pomwe anthu akukhala, chifukwa adani ambiri safika pamene anthu amayendayenda. Ndiye musakabise mlongotiwo kumapeto kwa mpanda. Imani pakati pa bwalo, pezani poyera kwambiri, ndipo muusamutsire pamenepo. Kusamutsa mlongoti n'kotchipa kuposa kugwetsa maple wamkulu, ndipo mthunzi wake mudzaufuna mu Julayi. Kanyumbako kakhale mamita 4 kapena 5 kuchokera pansi, pa mlongoti woti muzitha kukatsitsa ndi chingwe kapena ndi chopukusa. Patsinde pasakhale maluwa oyanga kapena zitsamba, ndipo musamangirire waya kuchokera kumtengo kapena kudenga. Ganizirani mmene timatchinjirizira khola la nkhunda kuti chokwawa chisakwere: panonso pamafunika chitsulo chozungulira ngati mgolo, chotsekeka pamwamba, choikidwa kuti mutu wake ukhale pafupifupi mita imodzi ndi masentimita 20 kuchokera pansi. Chimaletsa raccoon, nyama yoyenda usiku yodziwa kukwera, amene amatha kupulula zipinda zonse usiku umodzi. Njoka zazitali za rat snake nthawi zina zimachidutsa, n'chifukwa chake ena amawonjezera ukonde wopindapinda pamwamba pake.

Za masamba aawisi munamva zoona. Chisa chikatha, mbalamezi zimathothola masamba atsopano n'kuyala m'kabowo koikira mazira, ndipo zimapitiriza kubweretsa ena pamene yaikazi ikufungatira. Akatswiri amapereka zifukwa zingapo: kuti masambawo amasunga chinyezi chimene mazira amafuna, kuti amabisa mazira mayi akatuluka, kapena kuti fungo lake limachepetsa tizilombo. Zimathothola ku maapozi, mapeyala a ku Ulaya, cherry, willow, elm, ngakhale ku maple wanuyo. Koma mbalame yochokera ku Brazil singalephere kuuluka mamita 50 kukatenga tsamba. Mtengo wa masamba sufunika kukhala pafupi ayi. Ngati mukufuna maapozi chifukwa cha zipatso, gulani mbande ya mtundu waufupi, muidzale kupitirira mamita 18, basi. Mukadzaona masamba obiriwira m'chipinda, dziwani kuti mazira ali pafupi.

Tsopano zoyala. Zitatu zimene mwatchulazo, zonse ayi. Udzu wotchetcha umamwa madzi, umachita nkhungu, ndipo mvula yozizira ya mu Meyi ikalowa anapiye amagona pachinyontho mpaka kufa ndi kuzizira. Thonje ndi tinsanza nazonso zimasunga madzi, komanso ulusi wake umakulunga miyendo ya anapiye. Chimodzimodzi tsitsi, ulusi wolukira majuzi, chingwe cha mbedza, ndi ubweya umene umatsalira m'makina oumitsira zovala.

Chimene oweta ambiri amadalira ndi masamba ouma a paini, aatali aja, omwe m'masitolo a zam'munda amagulitsa m'mitolo pa dzina loti pine straw. Madzi amangodutsa, ndipo amauma msanga. Mapesi a tirigu ouma bwino, oduladula, amagwiranso ntchito. Tengani manja awiri odzaza pa chipinda chilichonse, yalani mochindikala masentimita 3 mpaka 5, tsinderani ndi chibakera kuti chakumbuyo kukhale kabowo, ndipo musapitirire m'munsi mwa khomo. Phindu lake lili patatu. Mbalame zofika msanga zimapeza pofunda usiku wachisanu. Chipinda chimaoneka ngati munakhalamo kale ena, zomwe zimakopa zachinyamata zimene zikufuna malo koyamba. Chachitatu n'chachikulu ngati kanyumba kanu n'kachitsulo cha aluminiyamu, monga timakhalira tambiri ta zipinda 12: pansi pake n'poterera, ndipo mwanapiye wokulira poterera miyendo imatagadza, sadzaimanso bwino.

Zotsalazo mbalamezi zidzamaliza zokha ndi timitengo, mapesi ndi matope. Zambiri zimaumba kachipupa ka matope chakukhomo. Ngati kuli ng'amba, palani kamalo kosaposa mita imodzi poyera, kutali ndi zitsamba zobisalamo amphaka, muzikathira madzi m'mawa. Mukhozanso kuika masamba ena a paini pa kathandala kokwezeka kuti zizidzitengera. Pomwepo ikaninso makoko a mazira a nkhuku, chifukwa zazikazi zimafuna kashiamu ndipo zimadyetsanso ana. Atsukeni, aumitseni mu uvuni pa madigiri 120 a Celsius kwa mphindi 10 kuti majeremusi afe, kenako aphwanyeni akhale tizidutswa tosaposa chikhadabo cha kachala kakang'ono.

Tisaiwale mpheta zija. Chisa cha house sparrow mudzachidziwa: udzu, nthenga ndi mapepala zodzaza mpaka kudenga, pamene cha purple martin n'chafulati. Mpheta zimenezi pamodzi ndi mbalame ina yotchedwa European starling zinachokera ku Ulaya, zimaboola mazira, ndipo starling amapha ngakhale mbalame zazikulu. Lamulo la Migratory Bird Treaty Act la 1918 siliziteteza ziwirizi, choncho zisa zake mukhoza kuchotsa tsiku lililonse. Koma mukapeza chisa cha tree swallow kapena bluebird chili ndi mazira, musachikhudze, n'zotetezedwa. Panopa tsitsani kanyumbako, chotsani zinyalala zonse, tsukani, yalani paini, ndipo tsekani makomo. Pamalo atsopano ngati anu, amene amayamba kukhala kawirikawiri ndi mbalame zoswedwa chaka chatha, zomwe zimafika masabata 4 kapena kuposerapo pambuyo pa zikuluzikulu. Tsekulani makomo angapo mukamva kuti zoyamba zaoneka m'dera lanu, muwasiye otsekula mpaka kumapeto kwa Juni, uku mukulimbana ndi mphetazo.

Yezaninso zipindazo. Tinyumba takale tili ndi zipinda za masentimita 15 mbali zonse, zomwe n'zothina kwa ana asanu, ndipo kadzidzi amafikira mpaka kukhoma lakumbuyo. Boolani khoma la pakati pa zipinda ziwiri n'kutseka khomo limodzi, kuti chipinda chikhale masentimita 15 m'lifupi ndi 30 m'litali. Mudzatsala ndi zipinda 6 zabwino m'malo mwa 12 zoipa. Pakhomo ikani kachitseko kooneka ngati mwezi wongokhala kumene, kotalika masentimita 3, komwe starling salowa.

Zikadzakhazikika, muzitsitsa kanyumbako masiku 5 mpaka 7 alionse, masana kukatentha, ndipo pokweza kazikhala koloza mbali yomweyo, apo ayi makolo amasokonezeka zipinda. Fungo la manja anu silizithawitsa. Yaikazi imaikira dzira limodzi patsiku, kawirikawiri 4 mpaka 6, imafungatira masiku 15 kapena 16, ndipo ana amauluka atakwanitsa masiku 26 mpaka 32. Mukapeza chisa chanyowa, kapena muli utitiri wambiri kapena mphutsi za ntchentche zoyamwa magazi pansi pake, ikani anapiye m'kabeseni koyalamo nsalu, tayani chisacho, pukutani, yalani paini watsopano, bwezerani anawo. Nthawi yabwino ndi pamene ali ndi masiku pafupifupi 10. Akapitirira masiku 20 samalani kwambiri, chifukwa akadzidzimuka amadumpha mapiko asanakhwime.