Amadziwa bwanji kuti fupa ili ndi la zaka zakuti?

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Songani, akuti pokumba dothi loumbira njerwa apeza mapale a mbiya odindadinda m'khosi, makala ndi timafupa. Ndiye akufunsa kuti asayansi amadziwa bwanji zaka za zinthu ngati zimenezi, makamaka chinyama chachikulu chija cha mtundu wa dinosaur chomwe mafupa ake anapezeka ku Karonga, Malawisaurus, chomwe amati chinalipo zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo. "Kapena amangopeka?"

Achimwene, sapeka ayi, kungoti njira si imodzi, ndipo ija anthu amakonda kutchula ya kaboni 14 pa chinyama cha ku Karonga siigwira olo pang'ono.

Nkhani yake ili chonchi. Chamoyo chilichonse, mtengo, mbuzi, inu ndi ine, chimakhala chikulowetsa kaboni m'thupi, zomera kuchokera mumpweya, ife kudzera mu nsima ndi ndiwo, ndipo kagawo kochepetsetsa ka kaboni ameneyu ndi kaboni 14 yemwe amatha yekha pang'onopang'ono. Chamoyo chikafa basi kulowetsa kwatha, yotsala ija imangochepa. Pakatha zaka 5,730 yatsala theka, pakathanso zina 5,730 yatsala theka la thekalo, choncho choncho mpaka pofika zaka pafupifupi 50,000 yotsalayo imachepetsa moti makina sathanso kuiwerenga bwino. Anatulukira njirayi ndi Willard Libby wa ku America, mpaka analandira nayo mphoto ya Nobel mu 1960. Ndiye makala anu aja, amene mwina mumawaona ngati zinyalala, ndi amene angayezedwe mosavuta kuposa mapalewo.

Nanga za mamiliyoni? Apa sayeza fupa lenilenilo, amayang'ana pomwe lagona. Taganizani dzala lakuseri kwa nyumba, zomwe munataya chaka chatha zili pansi, zadzulo zili pamwamba, nthaka nayo imasanjikizana choncho. Pakakhala mwayi woti pakati pake pali phulusa la phiri lophulika, amayeza potassium 40, kanthu kopezeka m'phulusamo komwe kamasanduka mpweya wotchedwa argon, kuti theka lake lithe pamatenga zaka 1.25 biliyoni, ndiye ngati fupa lili pakati pa phulusa lapansi ndi lapamwamba zaka zake zili pakati pa ziwirizo. Ku Olduvai Gorge ku Tanzania, komwe anapeza mafupa a anthu akalekale, anatero. Ngakhale phiri la Zomba lomwe timalionali mwala wake unauma kuchokera ku chiphala chotentha pansi pa nthaka zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo, miyala yotereyi imayezeka ndi njira za mtundu womwewu.

Koma imene imandisangalatsa ine ndi ya nkhumba, eee nkhumba ndithu. Mu 1991 gulu la Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage linapeza chibwano cha munthu wakalekale ku Uraha, konko ku Karonga, chimene anachitcha UR 501, cha Homo rudolfensis. Phulusa loti ayeze panalibe. Anatenga mano a nkhumba zam'tchire omwe anali munthaka yomweyo nkuwafananitsa ndi mano a ku Omo ku Ethiopia komwe zaka zinayezedwa kale ndi phulusa, poti mano a nkhumbazi ankasintha maonekedwe mibadwo ikamapita, ndiye anapeza kuti chibwanocho nchazaka pafupifupi 2.4 miliyoni. Mawu oti "pafupifupi" amenewa musawadumphe, wina akakuuzani chaka chenicheni ngati tsiku lobadwa mumukayikire.

Ndiye zanu zija achimwene, ndikudziwa njerwa zikudikira ndipo mvula ili pafupi, koma chonde musazifukule nkuziunjika m'jumbo. Mukasakaniza zapansi ndi zapamwamba mwafufuta umboni wonse, makala sadziwikanso kuti anali pamodzi ndi phale liti. Jambulani ndi foni zili pomwepo, muike khasu pambali kuti kukula kuoneke, mukwirirenso pang'ono, dothi lanjerwa mukakumbe mbali ina, kenako muwadziwitse amfumu ndi a Department of Museums and Monuments, nthambi ya boma yoona za zinthu zakale. Mapalewo musawatsuke, mwaye womwe wamatirira mkatimo nawo amauyeza.