Kodi chaka chogwira ntchito mongodzipereka ndichilembe pa fomu?

Dokotala wina wachinyamata wa kuno ku Chipata wandilembera imelo. Akufuna kufunsira malo ophunzira ukatswiri wa opaleshoni, ndipo akufunsa ngati chaka chimene wagwira ntchito m'chipatala popanda malipiro achilembe pa fomu kapena achibise. Mantha ake ndi akuti owerenga mafomu adzati ameneyu anasowa womulemba ntchito.

Adokotala, funso lanuli landifika pamtima, chifukwa nanenso ndinadutsa momwemo. Nditamaliza maphunziro n'kulembetsa ku HPCZ, bungwe lopereka ziphaso kwa ogwira ntchito zaumoyo muno mu Zambia, kalata ya ntchito sinabwere. Ndinayamba kupita pa chipatala china kuno kum'mawa, dzina lake ndisunge. Ankanditcha wongodzipereka, koma pa ndandanda ya ogwira usiku dzina langa linalipo ngati la wina aliyense. Nyengo ya mvula wodi ya ana inkadzaza ndi malungo, ena awiri pabedi limodzi. Magetsi akathima, nesi ankandiunikira ndi tochi ya pafoni ine ndikufufuza mtsempha pa kadzanja ka mwana wotheratu madzi m'thupi. Kukacha, wanjinga wondiperekeza kunyumba ndinkamulipira ndi ndalama imene amayi anapeza atagulitsa mtedza. Ndiye mupite kumaliro kumudzi, azakhali akukokerani pambali kuti mwana wa uje akufuna ya sukulu, poti dokotala sasowa ndalama. Mungawayankhe chiyani?

N'chifukwa chake magazi amandiwira ndikamva wina akuchita manyazi ndi chaka choterechi. Manyazi a chiyani? Kale sukulu ya udokotala m'dziko muno inali imodzi, ya University of Zambia (UNZA) ku Ridgeway, mu Lusaka. Lero kuli ya Copperbelt University ku Ndola, Levy Mwanawasa ku Lusaka, Mulungushi ku Livingstone, osawerengera zomwe si zaboma. Omaliza maphunziro achuluka kuposa malo olipidwa. Mu 2022 boma linalemba ntchito anthu azaumoyo opitirira 11,000, komabe mzere sunathe, mpaka mu 2025 bungwe la Resident Doctors Association of Zambia linauza madokotala ongodzipereka kuti ayambe aleka kugwira ntchito. Ine maganizo anga ndi akuti ngati wodi singayende popanda munthu, ndiye kuti malo a ntchito alipo, chosowa ndi malipiro basi. Amene amawerenga mafomu a MMed kapena a STP, omwe ndi maphunziro a ukatswiri wa udokotala, ndi madokotala omwe amagwira ndi anthu ngati inu tsiku lililonse. Nkhaniyi akuidziwa bwino.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi ichi. Ophunzira ochokera kunja amabwera m'zipatala zathu kwa masabata ochepa, ajambulitsa ndi ana, zithunzi pa Facebook, kenako kwawo akalemba kuti Africa inasintha moyo wawo. Sindikuwanena, ena ndi anthu abwino ndipo amalimbikira. Koma ku America fomu ya ERAS, yofunsira malo ophunzira ukatswiri wa udokotala, imalola munthu kulemba ntchito zosapitirira 10 zimene anachitapo, n'kusankhapo 3 zimene zinamukhudza koposa, ndipo kaulendo kameneko kamakhala pamwamba. Inu amene mwachezera usiku ndi mayi wotaya magazi atabereka, mukuthamangira ku labu kukapempha magazi, ndinu mukufuna kubisa? Ayi ndithu.

Ndiye mulembe bwanji?

Lembani, koma pansi pa ntchito za udokotala, osati pamodzi ndi kwaya ya kutchalitchi kapena kusesa pamsika wa Kapata. Tchulani chipatala, dipatimenti, mwezi woyambira ndi womalizira, ndipo nenani poyera kuti inali yopanda malipiro. Musalembe kuti munathandiza odwala ambiri, mawu amenewo aliyense amalemba. Nenani maopaleshoni a amayi obereka amene munachita nokha ndi amene munangothandizira, osakuza manambala, chifukwa pa intavyu adzakufunsani ndipo a COSECSA, koleji yophunzitsa akatswiri a opaleshoni m'chigawo chino cha Africa, amadalira kwambiri logbook, buku lolembamo maopaleshoni amene munachita. Mayina a odwala asapezekemo. Kalata yokuchitirani umboni mukaipemphe sabata ino kwa dokotala wamkulu amene ankakuyang'anirani, yokhala ndi chidindo cha chipatala, chifukwa akuluakuluwa amasamutsidwa mwadzidzidzi ndipo wobwera m'malo mwawo adzati sakukudziwani.