Mizere ya magetsi kumbuyo kwa ovina

Funso: Akonzi, ndimajambula maukwati ku Limbe. Nditani kuti usiku ovina azioneka bwino, koma magetsi akumbuyo azichita mizere? Mnyamata wojambula, Ndirande.

Yankho: Achimwene, ikani kamera pa M (pomwe mumasankha zonse nokha), shutter (chitseko cholowetsa kuwala) pa 1/8 ya sekondi, kabowo ka lens pa f/5.6, ISO (mmene kamera imamvera kuwala) pa 400. Flash ikhale pa rear curtain sync kuti iphethire shutter ikamatsekeka. Mukaisiya pa front curtain, pomwe imaphethira shutter ikangotseguka, mizere imatsogola munthu ngati akuyenda chobwerera. Podina batani, tembenuzani kamera pang'ono kuti magetsi achite mizere. Flash ndiyo idzagwira ovinawo.

Chomwe chimaononga zithunzi zambiri ndi babu lowalira kumaso, chifukwa nkhope zimatuluka ziwiriziwiri. Jambulani ovina ali pamdima, magetsi ali kumbuyo kwawo. Nkhope zikayera kwambiri, chepetsani mphamvu ya flash, shutter musaikhudze.