Mamendulo a ku Mongolia: mtengo wake weniweni mungaudziwe bwanji?

Mbale wathu wina amene akugwira ntchito ku Leeds wanditumizira imelo iyi, ndipo wandilola kuti ndiyankhire pano:

"Ndinapita kumsika wa zinthu zakale za asilikali n'kugulako mamendulo awiri a ku Mongolia. Wogulitsa anati imodzi ndi Polar Star, inayo ndi ya amayi obereka ana ambiri. Polar Star ija ili ndi phini kumbuyo komanso nambala, koma palibe pepala lililonse. Nditafika kunyumba ndinaona yofanana nayo pa eBay, mtengo wake katatu kuposa umene ndinalipira. Kodi ndachita mphumi? Ndikufuna ndiyambe kusonkhanitsa mamendulo amenewa, koma mtengo wake ndiziudziwa bwanji? Nanga umakwera?"

Achimwene, zikomo kwambiri polemba. Mtengo munauona pa msika wa pa intaneti wa eBay uja ndi khumbo chabe la wogulitsa. Munthu atha kulemba ndalama iliyonse imene mtima wake wafuna, mendulo n'kukhala pamenepo chaka chathunthu osaifunsa ndi mmodzi yemwe. Amene analimapo fodya akudziwa kuti mtengo umene mlimi amawerengera ali m'chigafa si umene umalembedwa pa belo ku okushoni ya ku Kanengo, ndiponso kuti mabelo awiri a m'munda umodzi amasiyana mtengo chifukwa cha giredi. Mtengo wa mendulo ndi ndalama imene munthu wina anatulutsadi m'thumba pogula mendulo ya mtundu womwewo, yosungika mofanana ndi yanu. Choncho musanafunse za ndalama, muyambe mwadziwa chimene chili m'manja mwanu.

Mongolia ndi dziko lalikulu kwambiri koma la anthu ochepa. Pamene nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inkayamba, anthu ake sankakwana ndi miliyoni imodzi yomwe. N'chifukwa chake mamendulo ake ambiri akale ndi osowa mukayerekeza ndi a Soviet Union, kumene mendulo imodzi yokha yokumbukira kugonjetsedwa kwa Germany inaperekedwa kwa anthu pafupifupi 15 miliyoni. Boma limene linayambitsa mamendulo amenewa ndi lija linabadwa pa kuukira kwa mu 1921, kotsogoleredwa ndi Damdin Sükhbaatar ndi anzake, n'kulengezedwa kukhala Mongolian People's Republic mu Novembala 1924. Order of the Red Banner inayamba mu 1926, Polar Star yanuyo mu 1936, ndipo Order of Sükhbaatar, imene kwa zaka zambiri inali yapamwamba pa onse, inabwera m'zaka za m'ma 1940. Boma lachikomyunizimu linatha pambuyo pa zionetsero za mu 1990, malamulo atsopano oyendetsera dziko anabwera mu 1992, koma Polar Star sinathe nalo limodzi. Mtsogoleri wa dziko akuiperekabe mpaka lero. Apa ndiye pamene ongoyamba kumene ambiri amapunthwira: dzina ndi limodzi, koma Polar Star ya mu 1930 mwakuti ndi ina yoperekedwa posachedwapa ndi zinthu ziwiri zotalikirana kwambiri pa mtengo.

Itembenuzeni mendulo yanuyo. Kutsogolo n'kokongola, koma nkhani yonse ili kumbuyo.

Mamendulo akale a mtundu umenewu ankamangidwa pa jekete ndi kabawuti. Pakati pa msana wa mendulo pamatuluka kachitsulo ka mazinga, msilikali ankaboola nsalu, n'kumanga ndi nati yaphanthiphanthi, yozungulira ngati ndalama yachitsulo, cha mkati mwa chovalacho. Ambiri mwa amenewa anasulidwa ku Soviet Union, ndipo pa ena mupeza chidindo cha fakitale yosula ndalama, cholembedwa МОНДВОР m'zilembo za Chirasha. Nambala inkalembedwa pamanja ndi kachipangizo kosongoka, moti mukayang'ana ndi galasi lokuzira zinthu mumaona pamene dzanja linatsamira kwambiri ndi pamene linapepuka, manambala ena atapendekeka pang'ono. Phini inabwera pambuyo pake. Ndiye poti yanuyo ndi yaphini, ndi ya m'gulu la zaka zapambuyo, ndipo m'gulu limenelo ndi mmene muli ma Polar Star ochuluka. Sindikunyoza ayi, ndi mendulo yabwino kuyambira. Koma ngati ya pa eBay ija inali ya kabawuti yokhala ndi nambala yotsika, ndiye kuti munkayerekeza zinthu zosiyana.

Zilembo nazo zimathandiza. Mongolia inali ndi kalembedwe kakekake kotsika kuchokera pamwamba, ndipo inasinthira ku zilembo za Chirasha m'zaka za m'ma 1940. Chizindikiro cha boma nachonso chinasinthidwa kangapo, monga mu 1960 ndi mu 1992. Osonkhanitsa amagawa mendulo iliyonse m'mitundu potengera zinthu zoterezi, ndipo ambiri amatsatira buku la A. Battushig lotchedwa Mongolian Orders, Medals & Badges. Ngati mwatsimikizadi mtima, gulani bukulo musanagule mendulo yachitatu.

Ya amayi ija imatchedwa Aldart Ekh. Inakhazikitsidwa mu 1957, nthawi imene boma linkafunitsitsa kuti anthu achuluke. Poyamba yapamwamba inkapita kwa mayi wa ana 8, yachiwiri kwa mayi wa ana 5. Masiku ano ndi ana 6 ndi ana 4. Inaperekedwa kwa amayi ochuluka zedi, choncho pamsika ndi yotsika mtengo ndipo musayembekeze kuti idzakwera kwenikweni. Komabe ine ndimaiona ngati imodzi mwa mamendulo aulemu kwambiri a dzikolo. Mayi amene analera ana asanu ndi atatu m'chihema cha ubweya, m'dziko limene nyengo yozizira imapha ziweto zambirimbiri, anaigwirira ntchito kuposa nduna zambiri zimene zinapachikidwa nyota pachifuwa.

Amene amakwera mtengo ndi ankhondo. Kuyambira Meyi mpaka Sepitembala 1939, asilikali a Mongolia ndi a Soviet Union anamenyana ndi a Japan pa mtsinje wa Khalkhin Gol, ndipo Georgy Zhukov, mkulu wa asilikali a Soviet Union, anatchukira pomwepo asanakumane ndi asilikali a Hitler. Mongolia sinamuiwale: inamupatsa Order of Sükhbaatar katatu, ndipo mu 1969 inamutcha ngwazi ya dzikolo. Mu Ogasiti 1945 Mongolia inalowanso nkhondo yolimbana ndi Japan, ndipo panatuluka mendulo yachipambano yodziwika kuti Bid Yalav. Chilichonse chimene chingalumikizidwe ndi umboni ku nkhondo ziwirizi chimakopa ogula a ku Mongolia komweko, a ku Russia, a ku Ulaya ndi a ku America nthawi imodzi. Mamendulo okumbukira zaka, monga ya zaka 30 za Khalkhin Gol ya mu 1969 kapena ya zaka 50 za kuukira ya mu 1971, ndi ochuluka ndipo ndi otsikirapo.

Dziwaninso kuti si mendulo iliyonse ya nthawi imeneyo imene inaperekedwa pa ntchito yoyera. Pakati pa 1937 ndi 1939, mu ulamuliro wa Khorloogiin Choibalsan, anthu masauzande ambiri anaphedwa, ochuluka mwa iwo ansembe achibuda, ndipo nyumba zawo zopembedzera zinagumulidwa. Boma lomwelo ndi limene linkagawa mamendulo.

Tsopano za pepala limene mwati palibe. Mendulo ya ku Britain ya nkhondo yoyamba, monga imene agogo athu a King's African Rifles analandira, imakhala ndi dzina ndi nambala ya msilikali m'mphepete mwake. Ya ku Mongolia ilibe dzina. Ili ndi nambala basi, ndipo dzina lili m'kabuku kamene kankaperekedwa limodzi nayo. Ndi kabuku kakang'ono kokwana m'thumba la malaya, kachikuto cholimba. Mkati mwake muli dzina la wolandira lolembedwa ndi inki, dzina la mendulo, nambala yake, tsiku, siginecha ndi chidindo cha boma. Nambala ya m'kabuku ikafanana ndi ya kumbuyo kwa mendulo, chitsulo chija chimakhala ndi mwini wake, ndipo ogula amalipira zambiri kuposa pa mendulo yopanda kabuku. Mukapeza gulu lonse la mamendulo a munthu mmodzi, timabuku take ndi chithunzi chake atawavala, ndiye chuma chenicheni. Ndikupemphani chinthu chimodzi, achimwene: gulu lotero likadzafika m'manja mwanu, musadzalimwaze. Alipo ogulitsa amene amagawa gulu kuti agulitse imodziimodzi, kabuku kwina mendulo kwina. Zimandipweteka kwambiri, chifukwa zikabalalika sizidzakumananso, ndipo munthu uja waiwalika mpaka kalekale. Mamendulo ambiri anatuluka m'nyumba za eni ake m'zaka za m'ma 1990, pamene thandizo la Soviet Union linaduka ndipo mabanja ankagulitsa chilichonse kuti adye. Kusunga dzina la mwini wake ndi ulemu wochepa umene tingawachitire.

Nanga mtengo muziulondola motani? Gulani kope lachikuto cholimba kapena tsegulani fayilo ya Excel, muzilembamo mendulo iliyonse imene mwaona itagulidwa. Pa eBay pali posankha kuti muone zogulidwa kale zokha, koma zimangooneka za miyezi itatu yapitayi, choncho muzijambula n'kusunga zisanafufutike. Makampani a okushoni monga Noonans, Spink ndi Morton & Eden a ku London, kapena Künker ya ku Osnabrück ku Germany, amasunga zotsatira za malonda awo pa intaneti, ndipo zimenezi ndi zodalirika kwambiri poti zinthuzo zimayamba zaunikidwa ndi akatswiri. Pa mzere uliwonse lembani tsiku, malo, mtundu, nambala, ngati ndi ya kabawuti kapena yaphini, ngati utoto wake wagalasi wotchedwa enamel uli wathunthu kapena wobenthuka, ndiponso ngati kabuku kalipo. Sungani zithunzi za mbali zonse ziwiri.

Samalani ndi mtengo wa ku okushoni. Ndalama imene imatchulidwa nyundo ikagunda si imene wogula amalipira. Kampani imawonjezerapo gawo lake, kawirikawiri loposa 20 peresenti, kenako pali msonkho ndi zotumizira. Wogulitsanso amadulidwa mbali yake. Ndiye kuti mukagula lero n'kugulitsa mawa pa mtengo womwewo wa nyundo, mwaluza kale ndalama yooneka. M'kope mwanu muzilemba mitengo iwiri yonse. Muzilembanso mamendulo amene anaikidwa pa okushoni koma osagulidwa. Ambiri amawadumpha amenewa, pamene ndi amene amakuuzani malire a msika.

Sankhani ndalama imodzi yowerengera, ndipo ine ndingati dola ya ku America. Inu muli ku Britain, koma owerenga ena ali kumudzi. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Amene ankalemba mu kwacha akanaona ngati mamendulo ake akwera tsiku limodzi, chonsecho palibe chimene chinasintha pamsika wa mamendulo. Mtengo wa siliva nawo muziuyang'ana, popeza ambiri mwa akale ndi asiliva, koma umenewo umangoika poyambira pa mamendulo wamba. Pa osowa, kulemera kwa chitsulo n'kochepa poyerekeza ndi mbiri yake.

Musakhulupirire malonda amodzi. Ogula mamendulo a ku Mongolia ndi ochepa, moti anthu awiri akakanirirana pa mendulo imodzi usiku umodzi mtengo umauluka, mwezi wotsatira yofanana nayo n'kupita motsika chifukwa mmodzi wa awiriwo wapeza kale yake. Dikirani mukhale ndi malonda angapo a mtundu umodzi, muchotse wokwera kwambiri ndi wotsika kwambiri, muone pamene otsalawo aunjikana.

Mwafunsa ngati mtengo umakwera. Wa mamendulo osowa, osungika bwino, okhala ndi timabuku, umakonda kulimba chifukwa sapangidwanso ndipo ofuna sakutha. Wa mamendulo wamba umangoyendayenda pamalo amodzi. Sindingakulangizeni kuikamo ndalama ya fizi ya ana kapena ya malata a nyumba, chifukwa tsiku limene mudzafune ndalama mwachangu, wogula sadzapezeka mwachangu, ndipo wamalonda adzakupatsani mtengo woti naye apezepo phindu.

Achinyengo alipo ambiri, makamaka pa mamendulo okwera mtengo monga Sükhbaatar ndi Red Banner zakale. Mendulo yeniyeni inasulidwa ndi chidindo champhamvu, mizere yake ndi yakuthwa. Yabodza nthawi zambiri imathiridwa m'chikombole, choncho imakhala ndi timaenje ting'onoting'ono ndipo m'mbali mwake ndi mofefenthera. Enamel yeniyeni ndi galasi lowotchedwa pamoto, lolimba ndi lozizira mukalikhudza. Yokonzedwanso kapena yabodza imakhala ngati pulasitiki. Kasikelo ka magalamu kakuthandizani kuyerekeza kulemera ndi kwa ena odziwika. Ena amafufuta nambala n'kulemba yotsika, ena amapeza kabuku kosalembedwa n'kudzazamo okha, ndiye yang'anitsitsani ngati chitsulo chapalidwa mozungulira nambala ndi ngati inki ikuoneka yatsopano pa pepala lakale. Muzigula kwa munthu wolola kubweza katundu.

Musaipukute ndi mankhwala kuti iwale; kuda kwa siliva wakale ogula amakufuna. Isungeni pouma, kutali ndi malabala omangira zinthu, chifukwa amadetsa siliva moipa. Ndipo mukadzafika ku Ulaanbaatar, likulu la Mongolia, n'kuona mamendulo pa msika wa Narantuul, kumbukirani kuti Mongolia ili ndi malamulo oteteza zinthu zakale ndipo zina sizituluka m'dziko popanda chilolezo. Ku Russia kugulitsa mamendulo a boma la Soviet Union ndi mlandu, choncho gulu losakanikirana lochokera kumeneko lipeweni.

Pa awiri muli nawowo, bwererani kwa wogulitsa uja mukamufunse kumene anawatenga ndiponso ngati timabuku take sitinatsalire m'bokosi lina. Mukatero munditumizire zithunzi za kumbuyo kwa Polar Star, nambala ikuoneka bwino, tidzaone limodzi kuti ili m'gulu liti.