Amalume, za sender ya geji yanu ija

Amalume, mwaswera bwanji? Ndamva funso lanu, loti geji ya kutentha kwa injini mwagula ija yabwera yopanda sender (kachitsulo komanga pa injini koyeza kutentha kwa madzi), ndiye ngati mungangotola iliyonse ku Midas kapena ku AutoZone. Ayi ndithu, musatero.

Kachitsulo kameneka ma ohm ake (muyeso wa mmene kamakanira magetsi) amatsika madzi akamatentha, ndipo geji iliyonse imawerenga ma ohm a mtundu wake. Sender ya kampani ya VDO ya 40 mpaka 120 digiri imapereka ma ohm pafupifupi 287 pa 40, n'kutsika kufika 23 pa 120. Ya VDO yomweyo yofika 150 manambala ake ndi ena. Mukasakaniza, kamuvi kaziyendabe koma kazikunamizani, gasket n'kupsa geji ikuti zonse zili bwino. Ndiye nyamulani gejiyo ndi kapepala kake, mufune sender ya kampani yomweyo, yofika digiri yomweyo.

Kenako thread, mizere yomangira ija. Zogula padera zambiri zimakhala 1/8 NPT, pomwe injini zambiri za ku Japan bowo lake ndi 1/8 BSPT. Ndi maso zimafanana, koma NPT ili ndi mizere 27 pa inchi, BSPT 28. Imalowa pang'ono n'kulimba, mukaikakamiza ndi sipanala mwawononga bowo, makamaka pa aluminiyamu. Gulani adaptor, siyodula.

Sensa ya mawaya awiri yopita ku kompyuta musaichotse, chonde, ndi imene kompyuta imadalira pa mafuta ndi fani. Bowo lina likasowa, ikani adaptor pa paipi yapamwamba ya radiator, mutayeza kaye m'kati mwa paipiyo. Apo ndi pamene ambiri amaiwala earth. Sender ya waya umodzi imatenga earth kudzera mu thread, ndipo labala sadutsa magetsi, ndiye pakufunika kawaya kochoka pa adaptor kupita pa injini. Tepi yoyera ya pa thread ija musakulunge yambiri, chifukwa chake n'chomwecho.

Musanamange, iyeseni. Lumikizani geji ku batire, earth pa thupi la sender, muviike nsonga yokha m'madzi owira. Musayembekeze 100, eti, kuno ku Joni ndi kokwera, madzi amawira cha pa 94 kapena 95. Ikasonyeza pamenepo, mangani injini itazizira, mutulutse mpweya m'mapaipi, chifukwa nsonga ikakhala pa mpweya geji imawerenga zotsika.

Munditumizire chithunzi cha kumbuyo kwa gejiyo ndione nambala yake.