Mahedifoni kapena masipika? Yang'anani kaye chipinda chanu

Achimwene, mwati mukuchita lendi chipinda chimodzi ku Mufakose, ku Harare, ndalama ikukwanira chinthu chimodzi basi, ndiye mukufunsa ngati mugule mamonita (masipika a m'situdiyo) kapena mahedifoni omiksira nyimbo. Ine ndikuti gulani mahedifoni, chifukwa chipindacho n'chimene chikupusitseni.

Mawu amathamanga mamita pafupifupi 343 pa sekondi. M'chipinda chotalika mamita 3, besi ya pa 57 Hz (mawu onjenjemera ka 57 pa sekondi) imagunda khoma n'kubwerera, n'kukumana ndi inzake ikubwera. Pafupi ndi khoma imamveka yonenepa, pakati pa chipinda imangotsala pang'ono kusoweratu. Tsoka lake, kiki (kugunda kwa ng'oma yaikulu) ndi besi ya nyimbo za Zimdancehall zimakhala cha pomwepo. Mukakhala pamalo pamene besi yasowa mumangoiwonjezera, nyimbo ikafika mu kombi (minibasi) ya ku Mbare woimba samvekanso, kumangomveka kugunda kokhakokha. Matileyi a mazira amene anthu amakhoma pakhoma aja sathandiza pa besi, ngakhale thonje lopyapyala la m'masitudiyo limangomeza mawu apamwamba. Besi imafuna rockwool (chinthu chonga thonje chomeza mawu) yochindikala, masentimita 10 kapena kuposa, makamaka m'makona. Kodi eni nyumba akulolani kukhoma zimenezo?

Mahedifoni amachotsa chipinda pankhaniyi, komatu ali ndi mabodza awo. Pa masipika khutu lamanzere limamvanso sipika yakumanja, pomwe pa mahedifoni khutu lililonse limamva mbali yake yokha. N'chifukwa chake nyimbo imamveka yotambasuka kwambiri, reverb (kamchira kotsalira pa mawu, ngati m'holo) yochepa imamveka ngati yakwana, ndipo pa sipika nyimbo ija imadzamveka youma. Besi nayo simuimva pachifuwa. Choncho muzidina batani la mono (lophatikiza mbali yakumanzere ndi yakumanja) pafupipafupi kuti muone ngati gitala kapena mawu oyankhira sakuzimirira, komanso muike mu pulojekiti yanu nyimbo ina yomiksidwa bwino imene mumaidziwa, muzisinthanitsa ndi yanu pa voliyumu yofanana. Mukamaliza kaimvereni pa foni, pa kasipika ka Bluetooth ndi m'galimoto ya mnzanu, poti anthu adzaimvera mmenemo.

Pomiksa sankhani otseguka kumbuyo, monga Sennheiser HD 600 kapena AKG K702. Otseka, monga Audio-Technica ATH-M50x ndi Sony MDR-7506, ndi abwino pojambula mawu chifukwa kulira kwa biti sikulowa mu maikolofoni. HD 600 ndi ya ma ohm 300, kutanthauza kuti imafuna mphamvu yochulukirapo, musayembekezere kuti bowo la pa laputopu yakale liikankha bwino, ilumikizeni ku interface, kabokosi kolumikizira maikolofoni ndi mahedifoni ku kompyuta. Pulogalamu ya SoundID Reference ya Sonarworks imawongola kamvekedwe ka mahedifoni, koma imeneyo ikhoza kudikira.

Musaiwale za magetsi. Akathima, mamonita amakhala chete pokhapokha muli ndi inverter, pomwe laputopu ndi interface ya USB zimapitiriza ntchito. Usiku nawo, mukavala mahedifoni a neba sakugogodani.

Makutu okha asamaleni. Phokoso la 85 dB (dB ndi muyeso wa kukula kwa phokoso) malire ake ndi maola 8 patsiku, mukangowonjezera 3 dB nthawiyo imatsika n'kukhala maola 4, ndipo pa mahedifoni dzanja limakweza voliyumu mwini wake osazindikira.

Ndalama ikadzapezeka mudzagule mamonita ang'onoang'ono a mainchesi 5, monga Yamaha HS5 kapena JBL 305P, osati a mainchesi 8 m'kachipinda kotero. Mudzawaike molingana ndi makutu, mtunda wa pakati pawo ufanane ndi wochoka pa iliyonse kufika pamutu panu, ndipo asakhale pakona.