Kusunga mayankho othandiza pagulu lophunzira Chipwitikizi

Achimwene, kuti mayankho abwino asamakwiririke pagulu lanu la pa WhatsApp, sankhani munthu mmodzi woti Loweruka lililonse aziwatolera n'kuwalemba mu uthenga umodzi potsata mitu, monga moni, manambala, kunenerera mitengo ndi mawu ofunika pachipata cha m'malire a Malawi ndi Mozambique ku Dedza. Uthengawo muukhomere pamwamba pa macheza, koma muziubwezeretsa, chifukwa sukhalapo kupitirira masiku 30.

Ife ogula mbatata ya kachewere ku Lizulu ndi ku Tsangano tidaona kuti chimene chimasowetsa kwambiri mfundo ndi mauthenga ojambula mawu. Ndi abwino zedi pophunzira katchulidwe, koma mukafufuza liwu foni imakupezerani zolembedwa zokha, choncho aliyense wotumiza mawu azilemba pansi pake chiganizo chimodzi chonena zimene wafotokoza. Moni wa m'mawa ndi nkhani zamaliro, ngakhale n'zofunika, zikhale ndi gulu lakelake.

Zimene mwatolerazo aziyamba waziona mphunzitsi wodziwa bwino chinenerochi, popeza cholakwika chikasungidwa anthu amachiloweza. Pa zikalata zolowetsera katundu kuchokera ku Mozambique, musadalire gulu, kafunseni kwa ogwira ntchito a MRA, bungwe lotolera misonkho m'Malawi.